Baibulo la a January Lagona pa Njira ya Madzi

Lolemba, 3 Novembala

Madzi alowa m'nyumba. Ndikulemba nditakweza miyendo pa mpando chifukwa pansi padakali chinyezi.

Yayamba masana nditangomaliza kudya. Sinali mvula yoti munthu n'kuikumbukira, ya kanthawi chabe, koma pa bowo lija la pansi pa mpanda wakuseri panatuluka mtsinje. Madzi ofiira, zinyalala, mapepala a simenti, mpaka patapata wa munthu. Adzaza kuseri konse, akwera khonde, alowa kukhitchini. Ndinathamangira nsalu za makatani za mayi wa ku Sunnyside uja, mwamwayi zinali zidakali m'jumbo. Mashini yosokera ndaikweza pa tebulo ndekha, msanawu undiuza mawa.

Koma chimene chandiumitsa thupi ndi khoma la kuchipinda kwanga. Lachita mng'alu kuyambira pa zenera mpaka pansi. Dzulo panalibe.

Nyumba ino tinamanga ndi malemu amuna anga a January, mwana wathu Kelvin akukwawa. Mvula zingati zadutsa pa Naperi pano? Ngakhale namondwe Freddy amene anagwetsa mipanda ya anthu, ife anangotinyowetsera khonde. Nthawi imeneyo kumtundaku kunali nthochi ndi udzu, madzi ankamwerera pansi. Lero kuli holo ya tchalitchi, denga lake ngati la fakitale ya ku Makata, ndipo bwalo lonse ayala mabuloko kuti magalimoto a anthu odalitsika asade matayala. Dontho lililonse logwa kumeneko likubwera kwa ine Ellen.

Tchalitchi chakenso ndi chathu chomwe. Mabuloko enawo ndinasenza ndine pamutu, ndikuimba. Chitsiru ine.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndapita kukaonana ndi a Zakir, kontilakita amene akumanga holoyo. Munthu wa ku Limbe, waulemu wake, sindinayambanepo naye. Ndinawapeza akukangana ndi wa mchenga. Ndinati bambo, dzenje lija lili kuti?

Chifukwa ine nkhani ya dzenje ndikuidziwa. Mapulani anajambula ndi Chisomo, mwana wa anzanga a Bertha, uja anaphunzira za uinjiniya, ndipo anatifotokozera tonse m'tchalitchi. A khonsolo anapereka chilolezo chomangira pa mfundo imodzi: pa ngodya ya kumunsi pakumbidwe dzenje lalikulu loyalamo miyala, madzi a padenga ndi a pabwalo azifikira mmenemo, kenako azituluka pang'onopang'ono pa phaipi kupita mu ngalande ya kumsewu. Ngodya ya kumunsiyo ndi iyi yagundana ndi mpanda wangayi.

A Zakir anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Ati amayi, pa pepala dzenje lilipo, anyamata alipo, mafosholo alipo. Koma pamene paja pali Baibulo. "Ine Msilamu ndikakumbe Baibulo la Akhristu? Mawa dziko lonse lamva, mkuja anditenthera lole. Ayi amayi, ana anga adakali aang'ono."

Baibulolo ndi la a January.

Chaka chatha pa mwambo wodalitsa malo, abusa a Bennet anati pa ngodya imodzi pakwiriridwe Mawu a Mulungu kuti mdani asadutse. Anasankha ya kumunsi, ati zoipa zimalowera kotsika. Anafunsa Baibulo lakale kuposa onse mu mpingo, ine dzanja m'mwamba. Lija a January anabwera nalo kuchokera ku Nsanje, lachikuto chakuda chimene ndinachita kusoka ndi ulusi chitayamba kuthothoka. Ndinalikulunga mu nsalu yoyera, ndinaliika m'jumbo, amayi akuimba nthungululu. Pamwamba anathira simenti, n'kuzunguliza miyala yopaka laimu. Akuti Ngodya ya Pangano. Chisomo tsiku limenelo anali ku ntchito ku Lilongwe, pobwera anapeza zatha kale.

Ndiye ndi zimenezo. Mwamuna wanga wagona pa njira ya madzi, akugwetsa nyumba yake yomwe. Akanakhala moyo bwenzi ataseka mpaka kutsokomola.

Lachitatu, 5 Novembala

Mamawa mayi Sumayyah a nyumba ya kumunsi kwanga ali pa geti, manja m'chiuno. Ati madzi anu atiphera nkhuku. Madzi anga! Ndinati mayi, ine ndili ndi fakitale ya madzi muno? Bwerani muone kumene akuchokera. Anaona, anaona mng'alu, mkwiyo unatsika pang'ono. Ati ndiye bwanji osangotseka bowolo ndi simenti, madziwo abwerere kwa eni ake?

Ndaganizira tsiku lonse, kukoma kwake. Koma ndikatseka, madzi aunjikana kuseri kwa mpanda, mpandawo ugwera mbali ino, pa khitchini yanga. Madzi nkhabe m'bale, ankatero a January m'Chisena chawo. Madzi alibe m'bale.

Lachinayi, 6 Novembala

Ku msonkhano wa amayi. Ndinadikira mpaka nthawi ya zolengeza, ndinaimirira mwaulemu, ndinafotokoza za mng'alu. A Bertha, wapampando wathu, osandiyang'ana n'komwe, ati: "Mayi January, mvulayi tinachita kuipempherera. Walira mvula walira matope." Amayi kuseka.

Mayi January! Munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi pa maliro a mwamuna wake, amene amanditi chemwali akafuna ndimuchepetsere diresi. Lero ndine Mayi January.

Ndinati a Bertha, matopewo bwerani mudzatengeko, ndakusungirani kukhitchini. Wina kumbuyo anati eee. A Bertha ati tiyeni tipemphere, nkhani za zomanga ndi za abambo.

Potuluka amayi ena anandinong'oneza kuti pepani, zoona muli nazo ndinu. Zoona za m'khutu. Bwanji osanena muja?

Lachisanu, 7 Novembala

Ndamata mng'alu ndi simenti yotsala ija. Kudzinamiza.

Lamulungu, 9 Novembala

Ulaliki wa lero unali wanga, dzina lokha ndi limene silinatchulidwe. Za anthu amene amapereka kwa Mulungu kenako n'kumadandaula. Za anthu amene madalitso akamagwa ngati mvula iwo amangoona matope. Ameni wa a Bertha ankamveka mpaka kumsewu. Ine ndinangokhala duu pa benchi yanga, nkhope gwa.

Titaweruka ndinawatsekera njira abusa pa khomo. Ndinati abusa, tiyeni mukaone khoma, ndi pompano, sipofuna galimoto. Ati mayi, Mulungu amene anasunga nyumba yanu pa Freddy sanasinthe. Ndinati Mulungu sanasinthe, koma nthochi munadula. Anamwetulira kumwetulira kwawo kuja kwa pa kalendala, ati a Chrispine aona.

A Chrispine ndi mkulu wa mpingo woyang'anira zomanga. Anabweradi madzulo. Anayang'ana khoma, anagogoda ndi kiyi wa galimoto, ati mmm. Anamwa tiyi wanga n'kuonjezera. Potuluka ati atumiza matumba a mchenga.

Ine wa ku Nsanje, andiphunzitse za matumba a mchenga ndi a Chrispine? Kwathu tinkaunjika matumba mpaka m'chiuno, madzi n'kudutsa pamwamba ngati sakuwaona.

Lolemba, 10 Novembala

Ndakapereka makatani ku Sunnyside. Mayiyo ananunkhiza nsalu, ati ikumveka chinyezi. Ndinati ndi nyengo. Nyumba yawo ili pamtunda, mitengo ikuluikulu, kapinga bwalo lonse. Ndinkangoyang'ana kapingayo ngati sindinamuonepo.

Pobwerera ndaganiza. Mpingo ndauza, amayi ndauza, abusa ndauza, mkulu wamwa tiyi. Kwatsala kumodzi.

Lachiwiri, 11 Novembala

Ndapita ku khonsolo. Ndinavala chitenje chatsopano ngati ndikupita ku ukwati, kaya chifukwa chiyani. M'minibasi ndinkabwereza mawu oti ndikanene, mpaka kondakitala anati amayi mukuyankhula ndi ine?

Ndinkayesa andizunguza, uku bwerani mawa, uku bwana atuluka. Koma bambo wa ku ofesi ya mapulani anandikhazika pa mpando, anatulutsa mapulani a tchalitchi, n'kundilozera ndi chala dzenje lija, lojambulidwa bwinobwino, kamzere ka phaipi kali apo. Ati kodi silinakumbidwe? Ndinati bwana, pamenepo pali miyala yopaka laimu ndi maluwa. Za Baibulo ndinachita manyazi kunena. Anafunsa ngati denga anafolera kale ndi ngati pabwalo ayala kale mabuloko. Nditati inde anapukusa mutu, ati dzenjelo limayenera kuyamba, denga pambuyo. Abwera Lachinayi.

Ndakaneneza mpingo wanga kuboma, ine amene ndinasoka makatani a kuguwa.

Kelvin anaimba pa nthawi yopuma ku ntchito kwake ku Makata. Ati amayi, mwaputa mavu. Ati bwanji osangogulitsa nyumbayo kwa a tchalitchi omwewo aonjezere poimika magalimoto, inu mudzakhale ndi ife. Ndinadula foni. Mwana wophunzirira kuyenda pa khonde lomweli.

Lachinayi, 13 Novembala

Lero kunali sewero.

Bwana uja anabwera ndi mnzake atavala zipewa zolimba zija. Panali abusa, a Chrispine, a Zakir, Chisomo, ndi amayi onse atasiya msonkhano kudzaonerera, mayunifolomu mbee. Ine ndinaima mbali ya kwanga, nditazondotsa ndowa, mutu pamwamba pa mpanda. Sanandiitane, koma mpandawo ndi wanga.

Bwana anafunsa dzenje. Abusa anayankha mwa ulaliki, koma mfundo yake inali yoti dzenje sitikukana, lingokumbidwa pena. Analoza kumtunda pafupi ndi geti, ati paja pali malo ambiri. Chisomo, mwana wofatsa uja, anati: "Abusa, pepani, madzi sakwera mtunda." Mayi ake anamudula ndi diso loti nkhuku ikanagwa. Ati iwe, sukulu isakupatse mwano. Mwana anawerama, koma zimene ananena sanazisinthe.

A Chrispine anayesa zawo, ati bwanji phaipi yaikulu idutse pa bwalo la Mayi January ikatulukire kumsewu wa kumunsi. Ndili pa ndowa pomwepo ndinati iyambe yadutsa pa balaza panu, tione mmene ikuyendera. Anyamata a a Zakir anabisa nkhope m'malaya. Bwana anati zimenezo sizingatheke, ngalande ya kumunsi ndi yaing'ono, madzi onsewo akafika nthawi imodzi asefukira m'nyumba za anthu ena. N'chifukwa chake pakufunika dzenje loti liziwagwira kaye.

Kenako abusa ananena za Baibulo, dzanja pamtima. Ati palibe mwana wa mpingo uno amene angakweze khasu pa Mawu a Mulungu. Bwana anati nayenso amapemphera, koma za Baibulo si za ofesi yake. Anamata pepala pa geti: ntchito yonse iime, kupatula ya dzenje. Holo sitsegulidwa mpaka iye adzalione dzenjelo ndi maso.

Iwo ankafuna kutsegula pa Khirisimasi, alendo anaitana kale. Maso onse anatembenukira ku mpanda. Sindinatsike pa ndowa.

Lachisanu, 14 Novembala

Andichotsa pa gulu la Watsapu la amayi. Wochotsa, a Bertha. Ndisanachotsedwe ndinaona wina atalemba kuti mdani uja tinkamutchinga pa ngodya anali kale m'kati.

Loweruka, 15 Novembala

Kumsika. Mayi wa masamba, sapemphera nafe n'komwe, ati kodi ndinu mukufuna kufukula Baibulo? Kufukula! Mawu a afiti amenewo, ofukula maliro. Ine ndanena liti za kufukula? Ndinamusiyira masamba ake pomwepo.

Naperi yense wadziwa. Mtsikana wa diresi la ukwati uja wabwera kudzatenga nsalu yake, ati wasintha maganizo. Ndinamupatsa, ndinamuonjezera ndi zidutswa zomwe. Akasoketse kwa oyera.

Inu a January, mukuona zimene mwandiika? Munkati nyumba timange pafupi ndi tchalitchi kuti tikakalamba tisadzavutike ndi mtunda. Nachi tchalitchi, chafika mpaka kuchipinda.

Lamulungu, 16 Novembala

Pa benchi ndinakhala ndekha, benchi yonse, ngati ndili ndi mphere. Ndinaimba nyimbo zonse mokweza dala.

Titaweruka anandiitanira ku kachipinda ka akulu. Amuna okhaokha, ndi a Bertha ngati mboni. Mlandu wake, kutengera mpingo kwa akunja. Chofuna iwo, ndipite ku khonsolo ndikanene kuti tagwirizana, dandaulo ndachotsa. Ndinati ngakhale ndikanene, pepala lili pa getilo silichoka ndi pakamwa panga, bwana akufuna dzenje. A Chrispine anayang'ana pansi. Akudziwa ameneyo.

Ndiye ndinati chabwino, tisavutane. Ndibwezereni Baibulo la amuna anga, ndikulifuna. Mukwirire lina kumtunda kuja mumati kuli malo ambiri. Ndikagula ndine latsopano.



Abusa ati chopereka sichibwerera, mayi, ndipo pangano silisamuka ngati okala. Ati amene adzakhudze ngodya ija wadzichotsa yekha mu mpingo, ndipo zimene zidzamuonekere asadzati sitinanene. Ndinati nanga khoma likandigwera, mudzati ndani sananene? Kenako a Bertha, mawu ofewa ngati akundikonda: "Chemwali, ganizani za maliro anu. Adzakuimbirani ndani?"

Pamenepo ndiye wakumbukira kuti ndine chemwali. Koma amadziwa pobaya mkazi ameneyu. Kwathu n'kutali, abale anamwazikana. Anthu amene ananyamula bokosi la a January, amene anaphika, amene anagona nane pa balaza pano, ndi omwewa. Ndinatuluka osatsanzika. Ndalira panjira, ndipo zandinyansa kuti ndalira.

Lolemba, 17 Novembala

Kwatentha moti ngakhale agalu sakuuwa. Mitambo ikuunjikana ku Soche. Matumba a mchenga a a Chrispine mpaka lero.

Lachiwiri, 18 Novembala

Yagwa. Mayo ine.

Kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, osapumira. Bowo la pa mpanda linachepa, madzi anayamba kutuluka m'mipata ya njerwa. Denga la holo lija linkakhuthula ngati munthu akutaya madzi ochapira, onse kulunjika kuno. Ndinaima pa zenera la kukhitchini, madzi ali m'akakolo, ndikuona dothi la m'mbali mwa nyumba likupita, likupita. Kumunsi mayi Sumayyah akukuwa, sindikudziwa ngati ankatukwana ine kapena mvula.

Itakata ndinatuluka. Pansi pa khoma la kuchipinda pakumbika mphanga, miyala ya maziko ili pamtunda. Simenti ndinamata ija yagwa yonse. Mng'alu tsopano ndikuonera kunja ndili m'kati. Chitseko cha kuchipinda sichikutsekeka.

Bedi ndakokera pa balaza. Kelvin anabwera ataweruka, anazungulira nyumba, za kugulitsa sananenenso. Anafuna kupita kwa abusa nthawi yomweyo, maso ali psu, ndinamugwira malaya. Akamangidwe chifukwa cha anthu amenewa?

Kuseri kwa mpanda kwaya inali ikuphunzira nyimbo za Khirisimasi, mawu okoma bwino. Ndinafuna kugenda denga lawo. Mwala ndinautola ndithu, ndinaima nawo, kenako ndinakatsekera chitseko chosatsekeka chija.

Lachitatu, 19 Novembala

Chisomo anabwera m'mawa mozemba, kudzera msewu wa kumunsi kuti mayi ake asamuone. Anagwada pa mphanga paja, analowetsa dzanja, anayang'ana denga. Ati anti, musagonenso mbali iyi. Ndinati ndiuze zoona, ndine wamkulu. Ati ina ngati ya dzuloyi khomali lipita, ndipo likamapita likoka denga. Misozi ili m'maso. Ati ndikanakhalapo tsiku lija. Ndinati ukanakhalapo ukanatani, ukanalanda fosholo kwa abusa?

Ndinafunsa ngati a khonsolo sangabwere kudzakumba okha. Ati iwo amaimitsa ntchito, sakumba. Zina ndi za kukhoti, ndipo za kukhoti zidzatha mvula itatha kale.

Ndiye abusa sangakumbe, ndi oyera. A Chrispine ali ndi udindo. A Zakir ali ndi lole. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Madzulo ndinapita kwa a Zakir. Anyamata awo akusewera bawo pa mchenga, ntchito palibe. Ndinati ndibwerekeni piki. Ati amayi, ine sindibwereketsa zida. Kenako anatembenukira mlonda n'kumuuza mokweza kuti piki yatsamira pa thanki ija aisiye pomwepo, aichotsa okha mawa madzulo. Ndikutuluka anati, osandiyang'ana, bukulo likangochoka iwo dzenje ali nalo pa pepala.

Kelvin sindinamuuze, angajombe ku ntchito n'kudzamenya munthu.

Yunifolomu ndaichapa, ndaisita. Sindikumba ngati mbala ine. Ndikumba masana, Lachinayi, onse alipo.

Lachinayi, 20 Novembala

Ndinalowera pa geti, osati kudumpha mpanda. Yunifolomu, duku, nsapato za pulasitiki. Amayi anali atayamba kale nyimbo m'tchalitchi chakale chija. Piki inali pa thanki.

Miyala ya laimu ndinaichotsa umodziumodzi n'kuiika pambali bwinobwino, asadzati ndinaswa katundu wa mpingo. Simenti inali yopyapyala ngati chigumu, sindinamenye kangati inasweka. Nyimbo inadukira pakati. Anatuluka onse. Wina analira ngati pagwa maliro, wina akujambula pa foni. A Bertha akufuula, "Ellen! Ellen, opa Mulungu!" Koma palibe anandigwira dzanja. Anaima patali mozungulira ngati ndikupha njoka.

Abusa anafika akuthamanga, tayi ili paphewa. Ati Mayi January, mwadzichotsa nokha. Ndinati abusa, ndikutenga katundu wa amuna anga, imani uko ndingakuthireni matope. A Chrispine anafika pambuyo, anakaima pafupi ndi a Zakir.

Pansi pa simenti panali matope okhaokha, madzi akutumphuka. Ndinasiya piki kuopa kulibaya, ndinagwada, ndinafukula ndi manja. Inde, kufukula, akanene choncho kumsika. Jumbo ndinaikhudza mkono utalowa mpaka m'chigongono. Inali yolemera ngati muli mwala. Poikweza inakhuthulira madzi akuda pa yunifolomu yanga.

Ndisanadzuke n'komwe, mawondo adakali m'matope, ndinaona a Chrispine akugwedezera mutu a Zakir. Pang'ono chabe. Anyamata anali kale ndi mafosholo m'manja, wina akukhoma kale zikhomo za chingwe. Abusa anaona. Anatembenuka n'kuuza amayi kuti tiyeni tikamupempherere mlongo wathu wotayikayu, onse n'kumalowa. Palibe ndi mmodzi yemwe anati anyamata asiye.

Ndiye ankangodikira. Onsewo. Holo yawo atsegula pa Khirisimasi, dzenje lili pamalo pake, manja awo ali oyera. Ankangosowa mfiti.

Ndinatulukira pa geti pomwepo, jumbo pamtima, madzi akuchucha m'miyendo. A Bertha anatsalira pa khomo la tchalitchi. Anandiyang'ana, analowa.

Kunyumba ndinayala thaulo pa tebulo. Nsalu yoyera ija yada bii, inang'ambika ndikungoikhudza. Chikuto chilipo, ulusi wanga ulipo. M'kati ndi phala. Ndinkafuna tsamba loyamba lokha, pamene a January analemba dzina lawo ndi la mudzi wawo, ndi langa m'munsi mwake tsiku la ukwati wathu. Ndinalowetsa mpeni wa buledi pang'onopang'ono, ndikupempha, kaya ndinkapempha ndani. Linabwera ndi mpeni ngati ufa wonyowa. Palibe chilembo ndi chimodzi chomwe. Chaka chonse lakhala m'madzi, ife tikupaka laimu pamwamba.

Ndakhala pano, yunifolomu sindinavule. Kuseri kwa mpanda mapiki akulira, a Zakir akukalipira wina kuti abweretse wilibala msanga, ku Soche kwada.

Kelvin waimba. Ati amayi, ndaona kanema pa foni, muli bwanji? Ndati pobwera ugule simenti.